Amalume ndi Mileme ya M'denga la Sukulu

Amalume akhala akukhoma madenga zaka makumi anayi, ndipo tepi yoyezera anaitaya kalekale. Mpata uliwonse amayeza ndi chala chachikulu, n'chifukwa chake anzawo amawatcha aChala. Ndi munthu wamakani, ndikudziwa ndine amene ndinakulira m'nyumba mwawo.

Chaka chatha ahedi a pasukulu yathu, mayi wosaseka wamba, anawaitana. M'denga la kalasi yakumapeto munadzaza mileme, fungo losaneneka. Anafuna kuti opopera mankhwala akatha, amalume atseke mipata yonse.

Amalume anakwera, n'kutsika nkhope itagwa.

"Mayi, muli ana m'menemo, osamera ndi ubweya womwe. Mukapopera mupha onse. Nanga udzudzu wapanowu aziudya ndani?"

"Ndiye ndiziphunzitsa mileme, bambo?"

"Ndipatseni holideyi yokha. Ndiisamutsa."

Ahedi anavomera monyinyirika: sukulu ikamatsegulidwa mileme ilipobe, opopera abwera.

Amalume anapanga bokosi lokongola, lopala bwino, lotakasuka ngati chipinda cha alendo, n'kulipachika pamthunzi wa mtengo. Milungu iwiri inatha osalowamo ngakhale mleme umodzi. Munalowa mavu. Anthu anaseka mpaka misozi, ine ndemwe, ngakhale mumtima ndinkawamvera chisoni.

Tsiku lina masana dzuwa lili pamutu, amalume anakwera m'siling'i n'kukhalamo ola lathunthu. Anatuluka thukuta lili kamukamu, koma akumwetulira.

"Mphwanga, ndinamanga nyumba yoti ndigonemo ine," anandiuza. "Mileme yonse yaunjikana kumadzulo, pamene malata akumana ndi khoma. Ikufuna potentha chifukwa cha ana, pamdima, pothina. Mpata wake chala changa ichi basi."

Anaphwasula bokosi lija. Latsopano analipanga ndi matabwa okhakhala kuti zikhadabo zizigwira, zipinda zopapatiza, polowera pansi. Anaikamonso thabwa lakale la m'denga lomwelo, lonunkha eni ake, n'kukhoma bokosilo pamwamba pa khoma lakumadzulo. Kenako anadikira kuti ana ayambe kuuluka. Ahedi ankafunsa tsiku ndi tsiku, iwo ankangoti, "Sanakhwime." Atakhwima, madzulo ena mileme yonse itatuluka kukasaka, anatseka mipata ya m'denga.

Kutatsala tsiku limodzi kuti sukulu itsegulidwe, tinaima pansi pa khomalo dzuwa likulowa, ahedi atapinda manja. Panapita nthawi, zii. Amalume ankangosisita chala chawo chija. Kenako kamleme kamodzi kanagwa kuchokera m'bokosi n'kuuluka, kena, kenanso, mpaka tinasokonezeka kuwerenga titadutsa zana.

Ahedi anatulutsa foni n'kuuza opopera kuti asavutike kubwera. Atatero anatembenukira kwa amalume, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona mano awo.

"Bambo, kutchalitchi kwathunso iliko. Komiti yagula kale mankhwala."

Amalume ananyamula makwerero. "Auzeni asatsegule botolo. Ndibwera mawa."