Kamwala ka Tadala

Mwaswera bwanji nonse. Ndikulemba ndili kuchipatala.

Chigalimoto chija anagula bambo a Tadala, chakalekale cha nthawi imene matipate ankayamba, lero ndi pomwe chayenda ulendo woyamba. Miyezi inayi akhala akuchikonza pansi pa mtengo kuti tizikwanamo tonse naini popita kutchalitchi, tisamasiyenso ana pakhomo.

Pachitunda cha ku Malomo chinazima. Handibuleki anali asanamalize kukonza, ndiye anati, "Mayi a Tadala, tsikani msanga muike mwala kumbuyo kwa tayala." Ndinatsika ndi khanda kumbuyo. Sindinaone kuti Tadala, ndi zaka zake zinayi zija, wanditsatira atanyamula kamwala kake kuti andithandize.

Chinabwerera m'mbuyo pang'ono chabe, n'kumuponda phazi.

Adokotala akuti fupa laphwanyika, mawa ndi pomwe atiuze ngati adzayendenso bwinobwino. Mwanayo akungondifunsa ngati kamwala kake anakaika bwino. Bambo ake angokhala panja pa wodi chiweramire, akukana kulowa.

Achimwene, inu mumawadziwa alamu anuwa. Ndiwauze chiyani kuti alowe adzamuone mwana?