Chinangwa cha Azakhali M'mizere Yanga

Lolemba, 8 Abril

Ndadzuka mutu ukulemera ngati ndinagona nditasenza mtsuko, ndipo mkwiyo wa dzulo sunathe. Ndinafika dzulo masana kuchokera ku koleju, ndinatsika basi ija timati mashimbombo pa Milange, amalume n'kundikweza njinga mpaka kuno. Ndisanavule n'komwe nsapato ndinathamangira kumunda kuseri kwa nyumba. Ndikanadziwa ndikanayamba ndadya kaye.

Ndilembe kuyambira pachiyambi, mwina mtima utsika.

Chinangwa chathu chakhala chikudwala khate zaka zitatu tsopano. Masamba amakwinyika, amachita mawanga achikasu, ndipo ukakumba umapeza timizu tonga zala. Ababa amati nthaka yaguga. Akufuna kuusiya munda uno n'kukapempha malo atsopano kutsinde kwa phiri, ulendo wa maola awiri wapansi. Iwo ali ndi njinga. Amayi alibe, ndipo bondo lawo lakumanzere limatupa ngakhale pongochokera kuchitsime. Wopalira, wokumba ndi wosenza chinangwacho ndi amayi. Sadandaula, koma ine ndimaona mmene amagwirira khoma akamakhala pansi.

Ku koleju, asisitere otiphunzitsa za zomera anandibwereka kabuku kakale ka Chipwitikizi, kosindikizidwa ababa ali mwana, mapepala ake ofiirira ndi obooledwa ndi njenjete. Kabukuko kamati khate la chinangwa silikhala m'nthaka. Limayenda m'mitengo imene timadula n'kubzala, ndipo tintchentche toyera tobisala kunsi kwa masamba timalichotsa pa chomera china kupita nalo pa china. Ndinawerenga katatu. Anthu anazidziwa izi kalekale, koma nkhaniyo inangokhala m'kabati, osafika kwathu kuno.

Pa tchuthi cha Khirisimasi ndinawafotokozera ababa. Anaseka.

"Bukulo linalimapo munda wa yani?"

Komabe anandipatsa mizere khumi ndi iwiri kumapeto kwa munda. Mizere isanu ndi umodzi ndinabzala mitengo yathu yodwala yomwe ija. Ndinasiya mpata waukulu, kenaka inayo ndinabzala mitengo yopanda khate imene ndinakapempha kumunda wa ku misoni. Ndinaisankha ndekha, tsamba ndi tsamba, n'kuisenza pamutu mvula ikuwaza. Ababa anati, "Chako chabwinocho chikafika Pasaka chisanakwinyike, kuphiri sindipita." Anatero amayi akumva. Pobwerera ku koleju ndinawapempha amayi kuti azingopalira basi, china chilichonse asakhudze.

Dzulo ndinapeza mizere yodwala ija ikudwala monga ndinkayembekezera. Koma m'mizere yanga yabwino namonso munali zomera zokwinyika, pafupifupi mzere uliwonse.

Lero m'mawa ndinawapeza amayi akusesa pabwalo ndipo ndinawafunsa.

"Munali mipata, mwanawe," anatero osasiya kusesa. "Mitengo ina chiswe chinadya, ina sinaphuke. Mizere yaperewera ngati m'kamwa mwa nkhalamba, anthu odutsa akanati m'nyumba muno mulibe mkazi. Ndinapakiza."

"Munapakiza ndi chiyani, amayi?"

"Ndi mbewu ya azakhali ako."

Azakhali, achemwali awo a ababa, amakhala ku Majaua. Kani anabwera mu Janeiro, chaka chitangoyamba, ndi mtolo wa mitengo ya chinangwa chawo chotsekemera, kudzawapatsa amayi. Kwathu kuno mbewu imene wakupatsa mlamu wako sungaikane, ndiponso sungaitsamiritse pa mtengo wa mango kuti iume. Umaibzala pamalo oonekera, kuti mwiniwake akabweranso aione ikukula.

"Nanga bwanji simunabzale kwina? Munda wonsewu?"

"Kwina kuti? Pakati pa chodwalacho? Alamu anga akanati ndawaponyera mbewu yawo kudzala. Malo abwino m'munda monse anali ako aja."

Amayi anaononga ntchito yanga chifukwa choti inali yooneka bwino, ndipo mpaka pano akuona ngati anandilemekeza.

Ababa anali pakhonde akupopa njinga, ndipo anamva zonse.

"Ine za kupakiza sindikuzidziwa," anatero. "Ndinaona mbali iyi yadwala, mbali iyo yadwala. Nthaka yake ndi imodzi. Pasaka ikangopita, Lachiwiri ndikukaona malo."

"Ababa, mitengo ina si imene ndinabzala ine."

"Chinangwa ndi chinangwa. Tinapangana kuti chisakwinyike. Chakwinyika."

Anakwera njinga n'kupita kumsika.

Choonjezera pa zonsezi, azakhaliwo ali konkuno. Abwera kudzapemphera nafe Sabata Loyera. Atandiona ndikutuluka ndi kaderino yanga yolembamo ndi lapizi yolembera anaitana ali pamphasa.

"Adotora, mukupita kukapima odwala? Mukawabaye jekeseni, achire msanga."

"Ndikungokaona, azakhali."

"Kaoneni. Ife amene sitinapite ku koleju timangobzala n'kudya."

Ndinakhala m'mundamo mpaka dzuwa linafika pamutu, ndikuyang'ana chomera chimodzichimodzi. Ndipo ndinaona chinthu chimene dzulo mkwiyo unandibisira. Chinangwa cha ku misoni chili ndi timapesi ta masamba tobiriwira. Cha azakhali timapesi take n'tofiira. Ndinayambanso kuchokera pa mzere woyamba, ndikulemba. Zodwala zilipo khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mwa zimenezi, khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndi za timapesi tofiira. Zitatu zokha ndi zanga, ndipo chilichonse chaima pafupi ndi chofiira. Nditatembenuza masamba, tintchentche toyera tija tinauluka ngati phulusa. Zanga zina zonse zili bwinobwino, masamba otambasuka, zondifika m'chiuno, pa nthaka yomweyo imene ababa akuti yaguga.

Ndinathamangira kukhitchini kukawauza amayi kuti zofiirazo ziyenera kuzulidwa ndi kutenthedwa sabata lomwe lino, zisanapatsire zotsalazo.

Amayi anayang'ana kukhomo kaye, kenaka anatsitsa mawu.

"Uzule mbewu ya alamu anga, iwo ali pamphasa apo? Utenthe, utsi aziuona?"

"Amayi, bondo ndi lanu. Kuphiri muzikapita ndinu."

"Ndizipita. Ndayenda maulendo aatali iwe usanabadwe. Koma usakawauze abambo ako pamaso pa achemwali awo kuti anatibweretsera matenda. Ukadzakwatiwa udzazimvetsa."

Mawu amenewa ndawamva kokwanira. Ine ndikumenyera mwendo wawo, iwo akusamala nkhope ya azakhali. Ndinatuluka ndisanayankhe mwano, chifukwa Lachinayi ndikufuna kulandira ukalistia ndi mtima woyera.

Pa chakudya cha masana tinali atatu, ababa asanabwere. Ndiwo zinali chigwada chotendera, ndipo azakhali anayamba kudandaula okha, popanda wowafunsa.

"Chigwada cha masiku ano n'chovuta kusinja, masamba ake okwinyikakwinyika. Kwathu nako n'chimodzimodzi. Ndinatsegula munda watsopano chaka chatha, mphanje yeniyeni, nthaka yakuda bii, koma chinangwa chake chatuluka chopiringizika ngati cha m'munda wakale. Ndi mvula ya masiku anoyi."

"Mbewu munaitenga kuti, azakhali?" ndinafunsa.

"Ndikanaitenga kuti? M'munda wanga wakale. Ine sindipemphapempha mbewu."

Amayi anandiponda chala pansi kuti ndisapitirize. Munda watsopano, mbewu yakale, khate lomwelo. Ndi zimene zidzatichitikire kuphiri, amayi atavutika kale ndi kuzula zitsa. Umboni umene ndinausenza pamutu kuchokera ku misoni, azakhali anali nawo kale kwawo, ndipo akuunamizira mvula.

Ababa atabwera ndinayesa kuwaonetsa kaderino yanga tili awiri kuseri kwa nkhokwe. Sanailandire n'komwe. Anati maso a kusukulu amaona zimene akufuna kuona. Ine sangandimvere, izo ndazivomereza. Koma azakhali ndi amene anawabereka kumsana ali khanda, ndipo sindinawamvepo akuwatsutsa.

Ndiye ndaganiza chochita. Amayi anandiletsa kuwauza ababa pamaso pa azakhali, sanandiletse kulankhula ndi azakhali paokha. Mawa m'mawa, ababa akapita kukakonza denga la tchalitchi ndi anzawo, ndiwapempha azakhali kuti andiperekeze kumunda akandisonyeze chinangwa chawo. Kaderino ndiisiya m'nyumba, ndipo za kabuku sinditchula. Akachiloza okha, ndiwatembenuzira masamba aone tintchentche tija, kenaka aone cha timapesi tobiriwira chili pambali pake. Ndikatero ndigwada momwemo m'mizere ndi kuwapempha zinthu ziwiri: andilole kuzula chofiiracho, ndipo awauze achimwene awo ndi pakamwa pawo za munda watsopano wa ku Majaua. Ndiwalonjezanso kuti chinangwa changa chikakhwima, mtolo woyamba wa mitengo yopanda khate ndidzawatengera ndekha kwawo. Akanditcha dotora ndivomera.