Kabolodi Komwe a Mbewe Sanamalize

Pepani owerenga, ine sukulu yanga ndi ya kumudzi kwa Mlolo, ndipo nkhani ngati iyi ndikanawasiyira akuluakulu. Koma yandikanika kuisunga.

Ndimakonda kulumikiza timawaya ndi timagetsi, choncho ndakhala ndikufunafuna chowotcherera mawaya ndi mtovu chotsika mtengo. Zomwe ndinaona ku Chipata zimafuna magetsi a m'khoma, omwe kwathu kulibe, ndipo zilibe pochepetsera moto, zimangopsereza bolodi lolumikizirapo timawayato. Kenako ndinamva kuti amake Tisa, mkazi wa malemu a Mbewe amene ankakonza mawailesi pa boma, akugulitsa zida za amuna awo.

Nditapitako, ndinapeza chowotcherera chenichenicho: cholumikiza ku batire ya sola, chokhala ndi pochepetsera moto, mtovu wake uli pomwepo. Nanga bwanji panalibe wochigula? Anthu ankati a Mbewe ankatsekera mawu a anthu m'timabokosi.

"Tengani zonse, mwananga," anatero mayiwo, atagwira mutu, mapazi ali otupa. "Ine zimangondiyang'ana."

Pansi pa zidazo panali kabolodi kosamaliza kokhala ndi kasipika, mawaya awiri ali lendee. Lolemba m'mawa ndinawawotcherera, kungoyesa chida changa. Chogwirira chake chinali ndi timaenje ta zala za mwini wake, ndipo zala zanga zinangolowa momwemo. Nditakalumikiza ku batire, kanyali kofiira kanayaka. Kenako zii.

Itakwana 12 koloko masana, ndili ndekha m'nyumba, kasipika kanatsokomola. Chifuwa chomwe chija cha a Mbewe.

"Inu. Nthawi yakwana."

Ndinazula batire, n'kukavundikira ndi beseni. Nthawi ya chiyani? Ya ndani? Masiku awiri besenilo ndinkalilambalala.

Lachitatu manyazi anandigwira. Ndinalumikizanso, n'kukhala pafupi ndi khomo lotsegula, kuti ndimve mpaka mapeto. Itakwana 12 koloko, anatsokomolanso.

"Inu. Nthawi yakwana. Amake Tisa, imwani mapiritsi anu a BP. Musandipusitse, ndimakudziwani."

Ndinakumbukira mapazi otupa aja. Bamboyo, podziwa kuti akupita, ankasiya wowakumbutsa akazi awo. Ine ndinamutsekera m'beseni.

Kodi si mmene timachitira tonse? Munthu akapanga chomwe sitikuchimvetsa timamunong'ona. Akamwalira, katundu wake timamuopa, chiswe n'kumadya. Ndani amafunsa kuti ntchito yomwe anaisiyira panjira ankachitira yani?

M'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita ku boma. Ndinawafotokozera mayiwo mosamala, poopa kuti akomoka. Tinangokhala pakhonde kudikira, kabolodi kali pakati pathu.

Amuna awo atatsokomola n'kulankhula, iwo sanadzidzimuke n'komwe.

"Ndamva, inu! Mpaka kumeneko simunasiye kulongolola?" anatero, akupukuta maso ndi chitenje. Analowa m'nyumba, ndipo ndinamva kabotolo ka mapiritsi kakuchita tsekete-tsekete.

Nkhaniyi inathera pamenepo, Lachinayi lapitali, 12 koloko masana.