Mtanda wa ku Nkhudzi

Bwana wathu anali injiniya weniweni, pamenepo sindingawanamizire. Anayamba ndi kukonza mainjini a maboti, kenaka anakwera mpaka kukhala manijala wa fakitale yosungunula zitsulo ku Mangochi kuno, komwe tinkapanga anangula ndi zipangizo za chigayo. Chitsulo ankachidziwa pongochigogoda. Koma chisoni, aa, munthu uja analibe, ndipo mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa.

Ine ndinali pa sikelo, kulandira zitsulo zakutha zomwe anthu ankabwera nazo pa njinga. Lamulo la bwana linali lakuti chakwera sikelo ndi cha ng'anjo, osafunsa komwe chachokera.

Tsiku lina kunabwera mayi wachikulire wa ku Nkhudzi. Anati akuba anazula mitanda yachitsulo kumanda akwawo ndipo anamva kuti inathera kwa ife. Iwo ankafuna umodzi wokha, wa mwana wawo amene anamira ali ku usodzi. Mtembo sunapezeke, ndiye kumandako kunalibe china chake koma mtandawo.

Tinafukula mulu wa zitsulo mpaka tinaupeza, wopindika, koma dzina lowotcherera likuwerengeka bwinobwino. Mayiwo anaupukuta ndi chitenje chawo. Nthawi yomweyo bwana anatulukira, namvetsera nkhani yonse modekha ngati abusa.

"Pepani amayi. Khalani pamthunzipo, tikuwongolereni kaye."

Atalowa ndi mtandawo mkati, anatiuza kuti ukangotuluka pageti mawa apolisi abwera kudzafukula mulu wonse, fakitale itsekedwa, ndipo iwo sanavutike ndi sukulu kuti ntchito yawo ithere pa kachitsulo ka kumanda. Amisiri onse anakana kuugwira. Bwana anavala magolovesi, anauponya okha m'ng'anjo, nakwera galimoto kupita kukadya.

Mayi aja anakhalabe pansi pa mtengo wa mango, dzuwa la ku Mangochi likuswa mtengo. Iwo ankathokoza aliyense wodutsa. Palibe amene analimba mtima kuwauza, tonse tinkangozungulira kuseri ngati agalu akuba. Bwana atabwerako kokadya, madzulo pochoka anadzera geti lakumbuyo.

Poweruka ndinayesa kudutsa mwachangu, koma mayi aja anandigwira mkono.

"Mwana wanga, kawauzeni abwanawo asavutike. Ngati wakanika kuwongoka andipatse wopindika womwewo, ndikazika choncho."