Malichero Atatu Pakhonde

Mwana wanga wamkazi amayendetsa ndege zonyamula anthu. Ine sukulu ndinalekezera sitandade 4, choncho za ntchito yake ndinkangodziwapo yunifolomu basi.

Bambo ake atamwalira, iye anabwerera kuntchito patangotha sabata ziwiri. Anapeza mayeso akumudikira ndipo analephera. Anamupatsa mwayi umodzi wobwereza, akalepheranso amuchotsa pampando. Anabwera kumudzi kuno ku Milepa ataonda, osafuna ngakhale kupita kutchalitchi.

Ndinamufunsa kuti, "Kodi si paja unati ndege imadziyendetsa yokha?"

"Masiku ambiri imatero, amayi. Koma pamayesowa amazimitsa makompyuta othandiza. Umatsala ndi manja ako ndi timivi tosonyeza kukwera, liwiro ndi kupendekeka. Kunja umangoona mitambo, ndipo thupi limakunamiza kuti wawongoka pomwe wapendekeka. Ine maso anakakamira pa kamuvi kamodzi, tinato n'kutiiwala."

M'mawa mwake anatenga malichero anga atatu, n'kulembapo manambala ndi khala, n'kumangirira timitengo tansungwi pakati pake. Anawatsamiritsa kukhoma pakhonde. Iye anakhala pampando atagwira pampu ya njinga ya bambo ake ngati chiwongolero. Ntchito yanga inali yosuntha timitengoto mmene ndafunira, iye azinena msanga choti achite.

Tsiku loyamba ndinkamumvera chisoni, ndinkasuntha kamodzikamodzi.

"Amayi, mukundilera," anatero. "Woyesa uja salera munthu."

Ndiye ndinayamba kumuzembera. Ndikaona kuti maso ake akhazikika pa lichero la kumanja, ndinkatsitsa kamtengo ka kumanzere mwakachetechete.

"Wagwetsa anthu a eni ake," ndinkatero.

"Mwabera, amayi."

"Nanga mitambo sibera?"

Alamu anga podutsa anaima n'kufunsa ngati tayamba kuombeza. Ife tinangopitiriza, ndege inali m'mwamba.

Chimanga chokonola chinadikira masiku asanu ndi limodzi osapetedwa. Pofika tsiku lomaliza ndinalephera kumugwira. Maso ake ankayenda ngati a nkhuku ya anapiye, pano, apo, panonso.

Atabwerera kukabwereza mayeso aja, anaimba foni Lachisanu masana, ine ndili kudimba.

"Ndakhoza, amayi. Ndaitsitsa ndi manja mpaka pansi. Woyesayo amayesa kundizembera, koma sakufikani."

Ndinakhala pamzere kanthawi, khasu lili pamiyendo, ndikulakalaka bambo ake akanamva. Kenako ndinapita kukapeta chimanga chija. Manambalawo sindinawafufute, anachita kutha okha ndi gaga.