Zilembo Zoyera za Kumbuyo kwa Lole

Anthu a mumsewu wawo amawatchulabe kuti a Bulashi, ngakhale papita zaka asanagwire bulashi. Dzinali ndi la nthawi imene ankalemba pa malole ndi mabasi. Dalaivala akafuna kuti galimoto yake inene kanthu kumbuyo, ankaiimika pakhomo pawo, iwo n'kutuluka ndi chitini cha penti n'kulemba osayamba ayeza ndi choko. Ankadzitama nalo dzanja lawo, ndipo kunena zoona linali dzanja lodzitama nalo.

Kenako dzanjalo lidayamba kunjenjemera. Lidayambira pa kapu ya tiyi, n'kukafika pa bulashi. Tsiku lina adalemba chilembo chimodzi pa chitseko cha basi, adachiyang'ana, n'kuchipukuta ndi sanza. Adauza mwini basi kuti penti yawonongeka. Pentiyo inali bwinobwino. Mabulashi adalowa m'chitini, chitini n'kukwera pamwamba pa kabati, ndipo a Bulashi sadauze munthu chifukwa chake. Anali ndi manyazi.

Masiku ano amapanga timagalimoto totalika ngati nsapato, m'kachipinda kakuseri komwe kale ankasungiramo makwerero. Kudula malata ndi pulasitiki dzanja limalola, chifukwa chinthucho amachipanikiza pa thebulo n'kumachipala pang'onopang'ono. Penti amachita kupopera. Zilembo, manambala ndi mizere ya m'mbali ndiye amasindikiza. Mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito pa malo ochitira fotokope, adawapatsa kompyuta yakale ndi pulinta yomwe imayamba yatsokomola isanagwire ntchito, ndipo amawaitanitsira mapepala apadera okhala ndi kakhungu kopyapyala pamwamba. A Bulashi amasindikiza zilembo pa kakhunguko, kupopera vanishi, kudikira kuti ziume, kudula ndi sizasi, n'kuviika m'sosala ya madzi ofunda. Kakhungu kamaterereka kuchoka pa pepala, iwo n'kukakankhira pa kagalimoto ndi chala chonyowa, n'kukapsinja ndi thonje. Ukaiwala vanishi inki imasungunuka, ndipo a Bulashi adaphunzira zimenezi atamwetsa sosala dzina lonse la kampani ya mabasi.

Amene amabwera kudzagula ndi madalaivala opuma ntchito, ofuna kuti galimoto imene idawathyola msana ikhale pa shelefu iziwayang'ana. Koma m'mawa wina pakhomo la kachipindako padaima achemwali awo aakulu. Amuna awo adayendetsa lole yobiriwira moyo wawo wonse. Atamwalira, ana adaigulitsa kwa munthu wakutali, ndipo kuyambira pamenepo achemwaliwo adasiya kukhala pakhonde, adasiya kukalipa, adasiya ngakhale kufunsa za anthu. Mayi amene kale ankamveka nyumba yachitatu, tsopano ankayankha ndi mutu.

Adayang'ana mashelefu onse. "Achimwene, magalimoto a eni ake mwadzaza nawo nyumba. Ya alamu anu ili kuti?"

Chinali chinthu choyamba kupempha chichitikireni maliro. A Bulashi adaona kuti ngati alephera chimenechi, chachiwiri sichidzapemphedwa.

Thupi la lole silidawavute. Ankaidziwa yonse, ngakhale pamene padaphwanyika pa chitseko chakumanzere. Vuto linali kumbuyo, kumene kunali mawu oyera akuti NDIKUBWERA, omwe adalemba iwo eni kalekale. Pulinta ilibe inki yoyera. Kuyera kumene imadziwa ndi kwa pepala, ndiye ukasindikiza zilembo zoyera pa kakhungu koonekera, pa penti yobiriwira sipaoneka kanthu. Njira ndi yotenga kakhungu koyera, kusindikiza kubiriwira mozungulira, n'kusiya zilembo zosakhudza. Koma kubiriwira kwa inki kuyenera kufanana ndi kwa penti, apo ayi chimaoneka ngati chigamba pa buluku. A Bulashi adawononga mapepala, adatukwana pulinta ndi makolo ake omwe, mpaka mitundu idagwirizana. Zilembo zidatuluka zoongoka ngati mano a chipeso, ndipo iwo adakondwa kwambiri.

Achemwali atabwera adakanyamula kaloleko, adakhudza chitseko chophwanyika n'kugwedeza mutu. Kenako adakatembenuza, adayang'ana kumbuyo, n'kukabweza pa thebulo.

"Kakongola," adatero. "Koma iyi si yathu."

"Si yanu bwanji, achemwali? Nambala ndi yomweyo, penti ndi yomweyo."

"Zilembozi. Mwaiwala? Inu muli pakati polemba, alamu anu n'kuliza injini ati aone ngati batire ili moyo."

A Bulashi sadaiwale. Tsiku limenelo lole yonse idagwedezeka bulashi ili pa chitsulo. Mbali yoyamba ya mawuwo idatuluka yoongoka, koma kuyambira pa B zilembo zidapita zikuvina, ndipo pa A wotsiriza penti idatsika n'kusiya kamchira. Zaka zonse zimene zija ankapempha kuti loleyo ibwere akonze, alamu awo n'kumangoseka: "Zisiyeni alamu, anthu adziwe kuti nanunso ndinu munthu." Pa kalole kameneka a Bulashi adaganiza kuti mwayi wokonza wapezeka, woseka uja palibe.

"Ine ndinkaidziwira pomwepo," achemwali adapitiriza. "Akamanyamuka ndinkaima pageti kuyang'ana zilembo zoledzerazo mpaka lole ikhote. Izi zoima njo ngati zili kutchalitchi sindikuzidziwa."

"Ndimuuza mwana azipindepinde pa kompyuta."

"Tsiku lija munalemba ndi kompyuta?"

A Bulashi adayang'ana dzanja lawo, lomwe linkagunda thebulo palokha. "Achemwali, dzanjali lidatha. Sindingathe."

"Ndiye mukuyesa ndi nkhani yatsopano? Banja lonse timakuthirirani tiyi wosadzaza kapu, inu n'kumaganiza kuti tikuumira mkaka. Tsitsani chitini icho."

Aka kanali koyamba kuwamva akukalipa chimwalirireni alamu, ndipo a Bulashi, ngakhale mtima unkawawa, adakondwera nako kukalipako. Adakwera pa mpando n'kutsitsa chitini. Mabulashi anali atauma gwa. Adasankha kakang'ono kwambiri, adakaviika m'palafini mpaka ubweya udafewa, adamata kakhungu koonekera pa thebulo ndi selotepu, n'kutakasa penti yoyera m'kachivindikiro ka botolo. Atangonyamula bulashi, nsonga yake idayamba kulemba zake m'malere.

"Mwaona?" adatero. "Apa sipatuluka ngakhale chilembo chimodzi choongoka."

Achemwali adakoka mpando, adakhala pafupi, n'kugwira mkono wa mlongo wawo ndi manja awiri, monga ankachitira powawolotsa msewu ali ana. Manja awo anali olimba. Bulashi idakhazikika. A Bulashi adagwira mpweya n'kuyamba. N adatuluka, D adatsatira, kenako I, K ndi U, tizilembo tating'ono ngati nthangala za mpunga, toongoka mokwanira.

"Apa," achemwali adatero, "apa m'pamene adaliza injini."

Adausiya mkonowo.

Dzanja lidanyamuka ndi kunjenjemera kwake konse. B adapendekeka, W adakwera, zotsalazo zidapita zikuvina, ndipo pa A wotsiriza kadontho kadatsika n'kusiya kamchira. A Bulashi, mwa chizolowezi, adatambasula dzanja kuti atenge sanza. Achemwali adawamenya pa chala.

Penti idafunika kuuma, vanishi nayenso. M'mawa mwake achemwali adafika a Bulashi asanatsegule mawindo. Adaima pambali pamene iwo ankapala zilembo zoongoka zija, kupopera kubiriwira kwatsopano, kudikira, kuviika kapepala m'sosala, n'kukankhira kakhungu kumbuyo kwa kalole. Atapsinja ndi thonje, m'mphepete mwa kakhungu mudazimirira, ndipo padatsala mawu oyera okha pa penti yobiriwira.

Achemwali adakanyamula. Sadakayandikize kumaso. Adatambasula mkono kuti kakhale patali, mphuno ya kalole ikuloza kukhomo, zilembo zikuyang'ana iwo. Adakhala choncho mpaka mkono udayamba kutopa, misozi ikutsika osaipukuta.

"Ndi imeneyi," adatero. "Munthu wosamva uja. Sakanadikira kuti mumalize?"