Tsala la Njinga ku Kaluluma

Ndinanyamuka pa depoti ya Kasungu Loweruka cha m'ma 7 koloko, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuluma. Ndinkapita ku Kaluluma kukapempha bwalo. Kumeneko, komwe ndinaphunzitsa ndisanasamutsidwire kuno ku boma, anyamata akabaza ali ndi ligi ya njinga zamoto pa tsala la esiteti ina: matimu anayi, kuzungulira kanayi, fumbi mpaka m'mano. Koma munda wa fodya saugoneka mpaka kale. Ukapuma zaka zake amaulimanso n'kugoneka wina, ndipo chaka chino tsala la ligiyo linali loti lilimidwe. Choncho mu Juni ochemerera anandituma ine, poti manijala wa esitetiyo ndinkasewera naye bawo, kuti ndikapemphe tsala latsopano. Ndinavomera modzitama. Kenako kunabwera mayeso, kenako maliro, kenako manyazi oti ndachedwa, mpaka miyezi inayi.

Minibasi ya ku Nkhamenya inali 5,000 kwacha, ndipo mpando wanga ndinagawana ndi thumba la fetereza. Mwini thumbalo, bambo wa ku Wimbe, atamva kumene ndikupita anayamba mlandu. Iye ankati ligiyo isamukire ku boma, kumene kuli mashopu oti angagulire matimu matayala. Mayi wina wogulitsa zitenje anamudula, nati ku boma njinga ziwiri zikangothamanga apolisi afika. Kondakitala, yemwe palibe anamufunsa, anati matimu anayi achuluka, aphatikize akhale awiri, popeza ana a matenanti fodya akangogulitsidwa amabwerera kwawo ku Mulanje ndi ku Phalombe. Tinadutsa Chatoloma akukanganabe. Ine, yekhayo amene akanachitapo kanthu, ndinangoyang'ana zigafa zopanda fodya pawindo.

Pa Nkhamenya ndinadya chipisi cha pachiwaya cha 1,500, chamafuta ngati chasambira, n'kukwera kabaza wa 3,000. Woyendetsayo anali wachilendo kwa ine. Ndinamufunsa ngati amapikisana nawo, iye anaseka nati njingayo ndi ya abwana, akaigwetsa pakona adya chiyani? Koma kuonera, anati, sanaphonyepo Lamlungu ndi limodzi lomwe.

Tinafika cha m'ma 11. Bwalo kunalibe. Thirakitala inali italimamo kale, ndipo pakona yakum'mawa, pomwe anyamata ankapendeketsa njinga phazi likukhweza dothi, amayi anali kukweza mizere. Ndinaima pamenepo ngati mlendo wosochera.

Manijala ndinamupeza ku nazale akuyang'anira othirira mbande. Anandilandira bwino, mpaka kundifunsa za bawo. Nditanena chimene ndadzera, anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Aphunzitsi, tsala la kuseri kwa dambo ndinakusungirani mpaka Ogasiti. Ndinkamva kuti mukubwera. Nditaona zii, ndinagawira matenanti kuti adzalemo mtedza. Ndikawalande?"

Sindikanati inde. Anthu amenewo adzadya mtedzawo. Ndinafunsa za chaka chamawa, iye anati munda wotsatira kugoneka uli ndi miyala, ungathyole miyendo ya ana a eni.

Chimene ndinkaopa kwambiri chinali kukumana ndi a Nyirenda, kaputeni wa timu ya pamsika, amene anandituma m'malo mwa onse. Ndinawapeza pasiteji akumangirira makireti a zakumwa pa njinga yawo yomwe inkapambana mu ligi. Anandiuza kuti anyamata awiri apita ku Mzuzu, wina wagulitsa njinga, ndipo timu ya matenanti yangomwazikana. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, ndipo zikanandipepukira. Iwo anangomanga mfundo yomaliza.

"Asambizgi, aphunzitsi athu, anyamata ankafuna tipite tokha kwa amanijala. Ndinawaletsa ndine. Ndinati munthu wamkulu tamutuma kale, kumudumpha n'chipongwe."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwanidwa. Ulemu umene anandipatsa ndi umene unapha ligi yawo, chifukwa ine ndinaukhalira.

Anatsitsa makireti aja n'kunditenga okha mpaka pa Nkhamenya, ndipo ndalama anakana. Njira yonse ankayendetsa pang'onopang'ono, pamakona n'kumachita kuponda mabuleki. Amati mbewa ya manyazi idafera kuuna, koma ine ndili moyo, ndinabwerera ku boma ndi minibasi ya 4 koloko. Amene anafera manyazi anga ndi anthu amene ankandidikirira.